Zitsa Zisanu ndi Mitengo Iwiri

Kuseri kwa nyumba yathu, motsatira mpanda wotsikira kumtsinje, kunali zitsa zisanu ndi mitengo iwiri ya wolonati, mtedza wakuda uja. Chitsa chilichonse ndinkadziwa mwini wake ndisanadziwe n'kulemba komwe dzina langa.

M'banja la agogo anga aamuna, a Stinnett, mwana akabadwa ankamudzalira mtedza umodzi pampandapo, ndipo mtengowo unkakula naye limodzi. Akamwalira ankaugwetsa tsiku lomwelo, n'kucheka matabwa, n'kumukhomera bokosi. Matabwa aawisi amalemera koopsa, moti m'mapiri athu a Ozark muno anthu ankaseka kuti a Stinnett ndi owonda ali moyo, koma akafa amathyola anthu misana. Mwambowu unathera pa agogo ndi abale awo. Amayi alibe mtengo, ine ndilibenso.

Pa mitengo iwiri yotsalayo, wina unali wa agogowo, a Orval. Winawo unali wa mng'ono wawo, Hollis, amene anapita ndi madzi asanakwanitse zaka makumi awiri. Anawoloka kukatenga ng'ombe kutsidya mtsinje utadzaza, ng'ombezo n'kubwera zokha. Anamufunafuna milungu itatu, sanapeze ngakhale chipewa. Popanda mtembo panalibe bokosi, ndipo popanda bokosi mtengo sunagwetsedwe. Amayi ake, a Delphia, analamula kuti mtedza wa mtengo umenewo usamatoledwe. "Ngwake," anatero. "Adzatola yekha akadzabwera." Panapita zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi mtedzawo ukungogwa n'kuwolera pomwepo.

Ine ndine Tressa. Ndinamaliza sukulu mu Meyi chaka chathachi. Anzanga awiri amene ndinali nawo anapita kutauni. Ine ndinalembako kalata yofunsira ntchito ya m'sitolo, koma atandiimbira ndinangoiyang'ana foniyo ikulira mpaka inasiya. Ndimatero ine. Choncho ntchito yanga inakhala yoyang'anira agogo masana, chifukwa amayi amagwira kufakitale yophera nkhuku, amachoka m'mamawa n'kubwera cha m'ma folo koloko.

Mutu wa agogo unali utayamba kutaya zinthu. Ankaiwala kuti adya kale, ankaiwala kuti akazi awo anamwalira. Koma manja awo sankaiwala kanthu. Mukawakhazika pakhonde ndi nyundo, msomali, simbi yakale yogadamiza pamaondo ndi thumba la mtedza pambali, ankakhala pomwepo tsiku lonse, go! go! go!, kuswa zigoba zolimba ngati mwala zija n'kumatokosa zam'kati osaphwanyaphwanya. Chimene chinkawasunga pampando ndi chimenecho basi.

Mu Ogasiti thumba la chaka chinacho linatha. Patapita masiku atatu, apolisi anawapeza pamsewu waukulu, mamailosi anayi kuchokera kunyumba, atavala nsapato phazi limodzi. Anati akupita kukatenga ng'ombe.

Madzulo ake amayi anabwera ndi pepala, n'kulimata pafiriji ndi kamaginito kooneka ngati tambala.

"Ababa, ndimvereni bwino," anatero. "Mukangotulukanso kamodzi, kamodzi kokha, ndikukakusiyani kunyumba ya okalamba. Ndasayina kale."

"Kumene amadyetsa anthu phala ngati ana a mphaka kuja?"

"Komweko."

"Ndiye upite ndiwe, Darla. Nkhope yako yatha kuposa yanga."

Amayi sanaseke. Khonde lathu ndi lotchinga ndi waya wa udzudzu, lili ndi chitseko chake. Anagula loko n'kukhoma pachitsekopo, kiyi n'kundiveka m'khosi ndi chingwe cha nsapato. Amayi si munthu wouma mtima ayi. Anangotopa, komanso ankaopa kudzawatola pansi pa lole.

Atalowa m'chipinda, agogo anandikodola. Ankanditcha Kambewa, chifukwa chosalankhula.

"Kambewa, ine ndinabadwira m'chipinda chimene umagonamo iwecho. Mtengo wanga ndi uwo. Akandipititsa uko adzandiika m'bokosi la m'sitolo, lokhala ndi nsalu zonyezimira ngati diresi la ukwati. Usalole."

"Sindilola, agogo."

"Ukulankhula kapena ukutafuna?"

"Ndati sindilola."

Seputembala yense inali nkhondo. Ankayenda uku ndi uku pakhondepo ngati galu womangirira, kugwedeza loko, kundipempha kiyi mwaulemu, kenako kunditukwana. Ndinkangowerenga masiku kuti mtedza uyambe kugwa.

Unayamba kugwa chisanu choyamba chitadutsa, kumayambiriro kwa Okutobala. Koma mitengo imeneyi ili ndi khalidwe lake, chaka china imabereka, china imapuma. Wa agogo unapuma. Ndinakwawa m'maudzu, kufufuza ndi mapazi, ndinangopeza ndowa ziwiri, za mlungu umodzi basi.

Pansi pa mtengo wa Hollis, mapazi makumi awiri okha kuchokera pamene ndinaimapo, panalibe popondapo. Panali zibulungwa zobiriwira zokhazokha, zazikulu ngati nkhonya, zina zikugwabe, thi! thi!, pamwamba pa zinzake.

Sindinganame kuti ndinaiwala lamulo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikudziuza kuti ndinaphunzira sukulu ine, ndinakhoza bwino sayansi, mtengo ndi mtengo. Ndinadziuzanso kuti munthu wamoyo akufunika mtedza kuposa munthu wakufa. Mpaka pano mawu amenewo ndimawaona ngati olondola, n'chifukwa chake amandisowetsa tulo.

Ndinavala magolovesi n'kuyamba kutola. Pansi pake panali pofewa, dothi lakuda la makoko a zaka zonse zija, ndipo phazi linkalowa pang'ono ngati ukuponda m'mphepete mwa mtsinje. Panalibe udzu, panalibe gologolo ngakhale mmodzi, chonsecho pamtengo wa agogo ankachita kukanganirana. Nthawi yonseyo ndinkamva ngati mmene umamvera pamzere m'sitolo, munthu akakuima pafupi kwambiri kumbuyo, iwe n'kumachita manyazi kutembenuka. Sindinatembenuke. Ndinadzaza ndowa zisanu ndi imodzi.

Ndinakhuthulira zonse pamsewu wolowera pakhomo, za mitengo yonse iwiri pamodzi, n'kuzipondetsa chigalimoto chakale cha agogo, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, mpaka makoko onse ataphwanyika. Fungo lake limakhala ngati mandimu osakaniza ndi mankhwala a pabala. Kenako ndinatola mtedzawo n'kukokera bafa lachitsulo pafupi ndi khonde, kuti agogo aziona kudzera pawaya. Kutsuka ndiye kunkawasangalatsa, chifukwa mpomwe umadziwa zoona zake. Wabwino umamira. Wopanda kanthu m'kati umayandama, umenewo n'ngwa agologolo.

"Thira, Kambewa, thira! Ukuwopa kuti uluma?"

Ndinathira ndowa yoyamba, n'kuvundula ndi khasu. Madzi anada bii. Tinadikira kuti adekhe.

Palibe unayandama.

Ndinathira yachiwiri, yachitatu. Pamwamba pa madzi panali see, ngati galasi lakuda. Kenako tinayi kapena tisanu tinatumphuka, tating'ono tozungulira, ndipo ndinadziwa kuti timeneto n'ta mtengo wa agogo.

Agogo anali atasiya kuseka. Anaika chipumi pawaya.

"Tandionetsa umodzi."

Ndinapisa dzanja. Madziwo ndinali nditatunga pampopi dzuwa lili pamutu, koma anazizira mpaka kupweteka m'mafupa, magolovesi ndili chivalire. Ndinatulutsa umodzi n'kuwaonetsa. Unali wautaliko, wosongoka kumapeto.

"Palibe mtengo umabereka wabwino wokhawokha," anatero pang'onopang'ono. "Uwu wazolowera pansi pa madzi. Watola kuti?"

"Pampanda."

"Pampanda ndi pataliatali. Watola kuti, Tressa?"

Dzina langa anali asanalitchule chaka chonse. Ndinayang'ana pansi.

"Kabweze," anatero. "Wonse. Dzuwa lisanalowe."

"Chabwino, agogo."

Sindinabweze. Ndinadziwa kuti pakatha ola aiwala, ndipo anaiwaladi, anayamba kundifunsa ngati adya. Mtedzawo ndinauyanika pawaya m'denga la nyumba yosungiramo zida, kuti uume milungu itatu monga mwa nthawi zonse. Amayi atabwera anangoona makoko pamsewu n'kunena kuti, "Kani wabereka chaka chino?" Ine ndinangogwedeza mutu. Ubwino wokhala munthu wosalankhula ndi umenewo, sumafunika kunama ndi pakamwa.

Mawa lake masana ndinali kukhitchini ndikuwakazingira mazira. Dzuwa linali phwee, panja kuli zii, ngakhale mbalame. Ndinamva agogo akulankhula pakhonde. Zimenezo sizinali zachilendo, ankalankhula okha kawirikawiri. Chachilendo chinali chakuti ankasiya mipata. Ankanena mawu, n'kukhala chete ngati akumvetsera, kenako n'kuyankha.

"Bodza! ... Inali yofiira ija, yothyoka nyanga. ... Iwe ndiye unatsegula, usandinamizire ine."

Kenako anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo, kwa mnyamata, kochokera m'mimba.

Ndinazimitsa moto n'kutuluka. Anali okha pampando wawo. Loko anali wokhoma, kiyi ali pachifuwa panga. Matabwa a pansi kutsogolo kwa mpandowo anali onyowa. Sanali mapazi ayi, kunali kunyowa chabe kozungulira, ngati pamene paima munthu wochokera pamvula. Ndinaganiza kuti mwina adzikodzera, koma buluku lawo linali louma. Pankamveka fungo la matope.

"Wangomuphonya pang'ono," anatero agogo. "Sanakule n'komwe, galu ameneyu. Tsitsi lonse lilipo."

"Ndani, agogo?"

"Ukufunsa ndani? Si unamuitana ndiwe?"

Anatukula dzanja lamanja kuti apukute misozi ya kuseka, ndipo mpamene ndinaona. Kuseri kwa dzanjalo kunali mizere inayi yakuda mbali imodzi, ndi banga limodzi lalikulu mbali inayo. Aliyense kwathu kuno amaudziwa mtundu umenewo, ndi utoto wa makoko a mtedza. Koma sunali m'zala kapena m'zikhadabo, mmene umakhalira munthu akamasenda. Unali mmene zimagwera zala za munthu wina akakugwira chanza mwamphamvu.

Ndinathamangira sopo. Ndinapaka mandimu, ndinapaka palafini, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti utoto umenewu suchoka ndi kanthu, umatha wokha khungu likasuluka. Agogo ankangondiyang'ana.

"Ukundisenda ngati mbatata, Kambewa."

"Agogo, ndikabweza pompano. Wonse."

"Wati usavutike," anatero. "Wati idyani. Zake adzatenga yekha."

Ndikufuna ndinene zoona pano. Ndinachita mantha, inde. Koma chimene ndinaopa kwambiri panthawiyo si Hollis. Linali pepala la pafiriji. Makoko onse anali panja, agogo sanayenera kukhala atawakhudza. Amayi akanangoona dzanja lakuda akanati anatuluka, anakafika kumitengo, ine ndili mtulo kapena ndili m'buku. Sakanafunsanso zambiri. Nthawi inali itadutsa kale thu koloko.

Ndinatenga ndowa, n'kukhomanso loko kumbuyo kwanga, n'kuthamangira kumpanda. Pansi pa mtengo wa agogo panalibe kanthu. Ndinapita pa wa Hollis. Pamene ndinatola dzulo lake panali podzaza ngati sindinafikepo. Ndinatola osayang'ana kumbali, n'kubwerera nditagwira ndowa ndi manja awiri.

"Tiyeni tisende, agogo. Ndi manja."

"Opanda magolovesi? Iwe, ufuna anyamata azikuthawa mpaka Khirisimasi?"

"Amandithawa kale."

"Eee, kani kamayankha!"

Tinasenda. Makoko ena anali ofewa kale, akuda m'kati, muli timphutsi toyera. Madzi ake ankatsikira m'mikono. Pamene ankatanganidwa, ndinatenga khoko lonenepa n'kuwapaka kuseri kwa dzanja lamanja, kubwerezabwereza, ngati ndikusewera. Ndinapakanso lamanzere kuti afanane. Pofika folo koloko manja athu anayi anali akuda mpaka m'mfundo, ndipo mizere ija sinkaonekanso.

Amayi anaima pachitseko ndi chikwama chawo.

"Mwapenga nonse awiri? Magolovesi ali kuti?"

"Ndinaiwala, amayi."

"Unaiwala! Mtsikana wamkulu, satifiketi ili pakhoma! Lamulungu ukalowa nawo bwanji m'tchalitchi manja amenewo?"

"M'siye mwana," anatero agogo. "Iwe uli ngati iyeyu unkadya ndi makoko omwe. Unali ndi milomo ngati ya bulu."

Amayi anapukusa mutu, koma ndinaona kuti akubisa kumwetulira. Anayang'ana loko, anayang'ana kiyi m'khosi mwanga, n'kulowa m'nyumba. Pepala linakhalabe pamalo pake.

Milungu yotsatirayo inali yabwino kuposa ina yonse chaka chimenecho, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi. Agogo anasiya kugwedeza loko. Ankasenda atavala magolovesi, chifukwa amayi analamula, ndipo kuti asasowe chosenda ndinapitanso kumtengo uja kawiri. Mtedza woyamba utauma ndinautsitsa, nyundo n'kuyambanso kulira. Uliwonse unali wodzaza thothotho, wamafuta, wonunkhira. Mabotolo anayamba kudzaza pashelefu.

Masana alionse, cha m'ma wani koloko, nyundo inkasiya. Ndinkamva mawu awo, mpata, mawu awo, mpata. Ndinaphunzira kuchedwa kukhitchini. Ndinkatsegula mpopi kuti ndisamve. Nyundo ikayambanso ndinkatuluka ndi chiguduli n'kupukuta pansi, amayi asanabwere. Tsiku lina lokha ndinalimba mtima n'kusuzumira pawindo. Ndinaona agogo atasendera mbali imodzi ya mpando wawo wautali, atasiya malo. Anaswa mtedza, n'kutokosa, n'kutambasula dzanja kumbali osayang'anako, mmene umapatsira munthu amene wakhala naye moyo wonse. Atabweza dzanjalo munalibe kanthu. Mwina unagwa pansi. Popukuta sindinaupeze.

Manja anga anayamba kuyera. Anachoka pa bii n'kufika pofiirira, kenako achikasu ngati a munthu wosuta fodya. A agogo nawonso chimodzimodzi. Chimene sindinaganizire n'chakuti utoto wanga uja ukamasuluka, wapansi sudzasuluka nawo. Ndinaona mizere ikuyamba kubwerera ngati miyala ya mumtsinje madzi akamaphwa. Ndinkawaveka juzi la manja aatali, n'kumalikokera m'munsi amayi akamafika. Ndinafuna kuwapakanso, koma makoko onse anali atauma, nyengo yake itatha.

Lamulungu lachiwiri la Novembala, titachoka kutchalitchi, amayi anatenga lumo lowengera zikhadabo n'kukhala pafupi ndi agogo pakhonde. Ine ndinali pamasitepe a m'kati ndikusankha tizigoba m'mbale. Anayamba ndi dzanja lamanzere. Kenako anati, "Linalo, ababa," n'kupinda juzi.

Lumo linagwa pansi.

Mizere inayi ndi chala chachikulu, zakuda kuposa tsiku loyamba, pakhungu loyera. Ndinadikira kuti akalipe. Mawu ndinali nditawakonza kale: sanatuluke, amayi, ndikulumbira, kiyi sinachoke m'khosi mwanga. Koma amayi sanafunse zimenezo. Anagwira dzanjalo ndi manja awiri, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika dzanja lawo pamwamba pa mizereyo, ngati akuyeza. Zala zakudazo zinali zazitali kuposa zawo.

"Tressa," anatero osatembenuka, "unatola pansi pa mtengo uti?"

"Wa agogo sunabereke, amayi."

"Ndafunsa kuti uti."

"Wa Hollis."

"Kangati?"

"Kanayi."

Anatseka maso. Agogo ankayang'ana uku ndi uku ngati mwana amene akuluakulu akukambirana za iye.

"Musawapititse, amayi," ndinatero, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinalankhulirapo m'nyumba imeneyo. "Sanatuluke. Ndine ndinalakwa. Ndimafuna akhale ndi choswa, kuti akhale pansi, kuti musawapititse. Sanaponde panja ngakhale kamodzi."

"Ndikudziwa kuti sanatuluke."

Anaimirira n'kulowa kukhitchini, ine pambuyo. Anachotsa kamaginito ka tambala kaja, n'kutenga pepala, n'kulipinda kawiri, n'kuliponya m'mbaula. Linapsa tikuona. Mtima wanga unadzaza ndi chisangalalo, ndinatsala pang'ono kuwakumbatira. Ndinaganiza kuti ndapambana.

Amayi anatsamira sinki, atafulatira.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi," anatero. "Agogo anga a Delphia anatopa n'kudikira. Chaka chimenecho anatenga dengu okha n'kukatola pansi pa mtengowo, amvekere mwana wanga asapeze zowola zokhazokha. Patapita masiku anandiitana kuti ndiwapese tsitsi. Ndinaona padzanja pawo, chonchi, ndendende. Ndinawafunsa, anangoseka. Anali osangalala ngati mtsikana. Khirisimasi sanaione."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuza chiyani? Ndakutumiza kusukulu zaka khumi ndi ziwiri kuti ndizidzakuuza zimenezo?" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinkaganiza kuti lamulo likukwanira. Sunaswepo lamulo chibadwire iwe."

Kenako anatenga foni n'kuimba. Ndinamva akupereka moni kwa a Pruitt, bambo wocheka matabwa wa kuseri kwa phiri.

"Ayi, sizinachitike, akadali bwinobwino, akuswa mtedza pakhonde. ... Ndimati munoleretu macheka, musapite kutali mwezi uno. ... Iwiri, a Pruitt. Inde, yonse iwiri."

Atatsitsa foni anabwera n'kundivula chingwe m'khosi. Anapita pakhonde, anatsegula loko, n'kumuika m'thumba la epuloni. Chitseko anachisiya chotsegula, n'kuchitsekereza ndi njerwa.

"Ababa, mukafuna kuyenda, yendani."

Agogo anayang'ana chitsekocho, anayang'ana kumitengo, n'kutola nyundo yawo.

"Ndipite kuti? Alendo akandipeza palibe?"

Sanatulukenso. Anakhala milungu itatu ina, akudya bwino, akutukwana wailesi, akucheza masana alionse. Amayi anapempha tchuthi kuntchito. Cha m'ma wani koloko tonse awiri tinkakhala kukhitchini, mpopi uli chitsegulire, osayang'anana. Kamodzi ndinawafunsa ngati ndawapha ndine. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi, ali pakhomo pawo, ndipo akuseka. Kaswe mazira." Yankho lina sanandipatse, ndipo sindinafunsenso.

Linali Lachinayi loyamba la Disembala. Nyundo inasiya pa nthawi yake. Tinamva mawu, mpata, kuseka pang'ono. Kenako mpata unatalika. Amayi anatseka mpopi. Titatuluka tinawapeza atakhala mbali yawo ya mpando, mutu utapendekera kumbali yopanda munthuyo ngati atsamira phewa. Pansi panali ponyowa, ndipo ulendo uno kunyowako kunapitirira mpaka pachitseko, kutsika masitepe, n'kukathera m'maudzu.

A Pruitt anabwera ndi ana awo madzulo omwewo. Mtengo wa agogo unagwa kaye. Wa Hollis utagwa, mtima wake unali wabwinobwino, wofiirira ngati khofi, koma unkatuluka madzi moti macheka ankaterera. Amayi anati bokosi likhale limodzi, matabwa a pansi ndi a m'mbali a mtengo wa agogo, chivundikiro cha mtengo wa Hollis.

Pamaliro amayi anaphika makeke anayi ndi mtedza umene agogo anaswa. Anthu anadya mpaka kunyambita zala, amvekere sanalawepo wotere. Ine ndinaluma kamodzi. Unali wokoma, sindikana. Koma kumapeto kwa lilime ndinamva kukoma kwa madzi a mumtsinje, ngati ukamwera mwangozi posambira. Ndinameza, chifukwa anthu ankandiyang'ana.

Agogo pomwalira anali opepuka ngati mbalame, ndinkawadzutsa pampando ndi dzanja limodzi. Amuna asanu ndi mmodzi anagwira bokosi, linakana. Anawonjezera awiri. Litadzuka, a Pruitt anabuula, nkhope ili psuu.

"Matabwa aawisi ndimawadziwa ine, ndanyamulapo a Stinnett atatu," anatero. "Koma Orval iwe, wakweza ndani m'menemu?"

Ankati aseketse anthu. Palibe anaseka, kupatula amayi. Anaseka pang'ono, misozi ikutsika, n'kundifinya dzanja. Ine ndinayang'ana pansi monga mwa chizolowezi changa, ndipo ndinaona madontho akugwa kuchokera pangodya ya bokosi, limodzilimodzi, njira yonse mpaka kumanda.

Thumba limodzi latsala m'denga, losaswa. Amayi akuti ndi lathu tsopano, mwini wake anatenga kale zake. Mwina n'zoona. Dzulo ndinatengamo umodzi n'kupita nawo kumpanda, kupitirira zitsa ziwiri zatsopanozo, ndili ndi khasu. Ndinakumba kadzenje. Ndinaima pamenepo mpaka zala zinachita dzanzi, ndikuganiza kuti ndikaudzala udzakhala wa ndani. Kumbuyo kwanga kunalibe aliyense, ndinatembenuka kawiri konse kuti nditsimikize. Kadzenjeko ndinakasiya kosakwirira. Mtedzawo ukadali m'thumba la jekete langa.